Chifalansa cha ku Kandeu

Kondwani ndi Mwatitha, ana anga, za ubwana wanga mudazimva kale pakamwa panga mpaka kutopa nazo, ndiye sindizibwereza. Pano ndilemba za ntchito yanga ya uphunzitsi, makamaka za chaka chija mudakhala ndi bambo anu ku Lilongwe ine ndili ku Kandeu. Munali aang'ono, ndipo palibe adakufotokozerani bwino chifukwa chake.

Chaka cha 1994, ku Ntcheu Boma

Ndidayamba ntchito chaka chimene dziko lidasankha boma la matipate. Ndidatsika basi pa Boma ndi sutikesi imodzi, ndili ndi dipuloma ya Chingerezi ndi Chifalansa, mtima uli m'mwamba. Sukulu imene adanditumiza inali yogonera konko, kamtunda pang'ono kuchoka pamsewu waukulu. Mphunzitsi wamkulu anali a Chimbalanga, bambo wamtali wa imvi amene adaphunzitsa zaka zonse za chipani chimodzi. Kwa iwo kalasi yabwino inali ya zii ngati kumanda. Tsiku loyamba adayang'ana siketi yanga kuti aone ngati yapitirira mawondo, ngakhale lamulo la zovala linali litatha, kenako adati, "Mayi Nangozo, mwatipeza tilibe wa Chifalansa kuyambira kalekale. Mabuku ali m'kabati umo, ngati chiswe chakusiyiraniko."

Chiswe chinali chitasiya ochepa. Buku limodzi linkazunguliridwa ndi mitu yambirimbiri, ndipo wailesi ya kaseti inalipo koma mabatire ake anali nkhani ina. Teremu yoyamba ndidaphunzitsa monga momwe adandiphunzitsira ine: kulemba aneni pabolodi, ana n'kumabwereza pambuyo panga ngati nyimbo yapamaliro. Ena ankasinza. Tsiku lina mnyamata wina wakumbuyo adakweza mkono n'kufunsa, "Madamu, kodi Afalansawo kwawoko amangokhalira je suis, tu es, il est tsiku lonse? Samagula ndiwo?" Kalasi idaphulika ndi chiseko. Ine sindidaseke, chifukwa mwanayo ankanena zoona.

Sabata yotsatira ndidapempha amayi ophika kuti andibwereke kabichi, anyezi, tomato ndi mbatata ya kachewere. Tidakankha madesiki n'kuwaika ngati mabenchi a pamsika wa Lizulu. Ena adakhala ogulitsa, ena ogula, zitsekerero za mabotolo zikugwira ntchito ya makobidi. Lamulo linali limodzi: woyankhula Chichewa kapena Chingerezi, benchi lake latsekedwa. Ana amene dzana ankasinza adayamba kuitanira malonda, kunenerera, kukangana, zonse m'Chifalansa chothyokathyoka koma chamoyo. Phokoso lidafika ku ofesi. Ndidangoona chitseko chatseguka, a Chimbalanga aima ndi ndodo yawo.

"Mayi Nangozo, muno muli msonkhano wa chipani chiti?"

Ndisanayankhe, mtsikana wina wopanda mantha dzina lake Joyce adawathamangira atanyamula kabichi. "Bonjour, monsieur! Un chou?"

"Akuti chiyani ameneyu?"

"Akuti mugule kabichi, bwana."

"Muuzeni kuti ndi wofota."

Sindidziwa chidandilowa. Ndidati, "Mumuuze nokha, bwana. Muno Chichewa chatsekedwa." A Chimbalanga adandiyang'ana nthawi yaitali, kenako adatembenukira kwa Joyce, nakweza dzanja ngati wansembe, nati, "Non, merci," kutanthauza ayi zikomo, n'kutuluka. Kaya adaziphunzira kuti, sadandiuzepo. Masana adandiitana ku ofesi ndikuyembekezera kudzudzulidwa, koma adangoti, "Phokoso lanulo likhale ndi tsiku lake. Lachisanu, ndipo kalasi yakumapeto ija, pafupi ndi khitchini." Kuyambira pamenepo Lachisanu lidakhala tsiku la msika, la chipatala, la siteshoni ya basi, chilichonse chimene chikadawatsegula ana pakamwa. Pa sukulu imeneyi m'pamene ndidakwatiwa ndi bambo anu, a Jere, amene nthawiyo anali mlangizi wa zaulimi, ndipo iwe Kondwani udabadwira konko.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ku Kandeu

Boma litasandutsa malo ophunzirira pamakalata aja kukhala masekondale oyendera, lidayamba kutumizako aphunzitsi a madipuloma. Ine idandigwera sekondale ya ku Kandeu. Mwamwayi bambo anu nawo adawasamutsira dera lomwelo, ndipo tidakhala m'nyumba ya a zaulimi. Iwe Mwatitha ndiwe wa ku Kandeu weniweni, mchombo wako uli kumeneko.

Sukuluyo inali midadada iwiri, mawindo opanda magalasi, ana ena akukhala panjerwa. Mphunzitsi wamkulu, a Kamwendo, anali munthu wansangala woyenda panjinga, mwendo umodzi wa buluku atapisa musokosi. Adandipatsa Chingerezi, chifukwa Chifalansa pa sukulupo chinali chisanamvekepo. Ndidawapempha kuti ndiyambitse kagulu ka masana, ana akaweruka. Adavomera, koma adati nkhaniyo ikambidwe pamsonkhano wa makolo. Pamsonkhanopo adaimirira bambo wina wolima mpunga kudambo, a Bizaliyele, chipewa chili m'manja.

"Zikomo, aphunzitsi. Ife oyandikana nawo ndi a ku Mozambiki. Mukadati Chipwitikizi tikadamva, ndikapita ndi mpunga pa Lizulu chimandithandiza. Nanga Chifalansachi mwana adzayankhula ndi yani? Mbuzi?"

Anthu adaseka. Ndidawayankha kuti sindingalonjeze kuti mwana aliyense adzakumana ndi Mfalansa. Chimene ndingalonjeze n'chakuti mwana amene waimirira pamaso pa anzake n'kuyankhula chiyankhulo chachilendo, kulakwitsa, kusekedwa, n'kuyambiranso, ameneyo sadzanjenjemera pakhomo la ofesi iliyonse. A Bizaliyele adavala chipewa nati, "Tiona." Sindinkadziwa kuti mwana wawo ndiye adzakhale woyamba kulembetsa.

Dzina lake anali Feliya. Anali wachibwibwi chachikulu. Ankakhala kumbuyo pakona, ndipo aphunzitsi ambiri, mwachisoni chawo, ankamulumpha pofunsa mafunso kuti asazunzike. Iye adazolowera kukhala ngati palibe. Koma polemba panalibe womuposa.

Mabuku ku Kandeu kunalibe ndi limodzi lomwe kupatula langa, ndiye masewera ndiwo adakhala mabuku athu. Tinkatuluka pabwalo, mmodzi n'kumumanga kumaso ndi chitenje, anzake n'kumamulondolera ndi mawu okha: à gauche, kumanzere; à droite, kumanja; tout droit, patsogolo. Mnyamata wina adasokoneza kumanzere ndi kumanja n'kukagwetsa njinga ya a Kamwendo, ndipo mawu awiriwo palibe adawaiwalanso. Tinkasewera zachipatala, wina dokotala, wina wodwala mutu kapena m'mimba. Aliyense ndidamuuza kuti asankhe dzina la Chifalansa loti azidziwika nalo m'kagulumo. Feliya adalemba lake papepala: Madame Rose.

Sewero limene ana ankalikonda koposa linali la wailesi. Tinkaika desiki kutsogolo, chitsononkho n'kukhala chimkuzamawu, ndipo wowerenga nkhani ankanena za mvula, za mpira, za ng'ombe ya uje yomwe yadya mmera wa uje. Tsiku lina amene adayenera kuwerenga adajomba. Ndidafunsa ngati pali wina, ndipo dzanja lidakwera pang'onopang'ono pakona paja. Ena adayamba kale kutsinana. Feliya adakhala padesiki, adagwira chitsononkho ndi manja onse, adakweza chibwano ngati mayi wina wolemera wa m'tauni, nasintha mawu kukhala a munthu wina. "Bonjour, chers auditeurs. Ici Madame Rose." Mawu adatuluka osalala ngati madzi a m'ngalande ya mpunga. Adawerenga nkhani yonse, adakodwa kamodzi kokha. Atamaliza palibe adaomba m'manja msanga, tonse tidangoti kakasi. Kenako anyamata adayamba kumenya madesiki. Ine ndidatembenukira kubolodi ngati ndikufufuta, kuti asaone maso anga.

Chaka chotsatira a Kamwendo adachilowetsa Chifalansa pandandanda wa maphunziro. Gulu loyambalo lidasiya phunziro lina kuti litenge changa, ndi cholinga chodzachilemba pamayeso a Fomu 4.

Chaka cha chisankho

Ana aja akumaliza Fomu 3, bambo anu adakwezedwa pantchito n'kuitanidwa kulikulu ku Lilongwe. Inali nkhani yachimwemwe, ndipo tidaphera nkhuku. Mkazi wotsatira mwamuna sankavutika kusamutsidwa, ndipo malo anga adapezeka msanga pa sukulu yaikulu yamagetsi ndi laibulale. Ndidapita ku ofesi ya maphunziro kukafunsa amene adzalowe m'malo mwanga. Bambo amene ndidawapeza adavula magalasi n'kundiyang'ana. "Wa Chifalansa wopita ku Kandeu? Mayi, ngakhale wa masamu tikumusowa. Anawo angosiya basi."

Kusiya kunali kosavuta kunena. Phunziro limene adalitaya chifukwa cha ine sakadalipezanso m'chaka chimodzi, ndipo ena maphunziro awo akadaperewera pa setifiketi. Ndine ndidaima pamaso pa makolo awo. Ndidayenda nayo nkhaniyi m'mimba masiku angapo, kenako Lamlungu lina titabwera kutchalitchi ndidawauza bambo anu tili pakhonde.

"Abambo ake Kondwani, ine nditsala kaye."

Adaika kapu pansi. "Mutsala kuti?"

"Konkuno. Mpaka anawa alembe."

"Nyumba ino ndi ya a zaulimi, tikuchokamo. Mukhala kuti? Nanga Mwatitha ndi chifuwa chakechi, mudzathamangira kuti chikamugwira mvula itadula msewu?"

Ankanena zoona. Iwe Mwatitha unkabanika kawirikawiri nthawi yamvula ndi yozizira, ndipo chipatala chachikulu chinali kutali. Ndidati ana apite nawo, azakhali anu a Nachisale akakhale nanu, ine ndipeza kachipinda.

"Ndiye mwasankha ana a eni, Nangozo?"

"Sindinasankhe ana a eni. Anga ali ndi bambo awo ndi azakhali awo. Awa pa Chifalansa alibe wina aliyense."

Agogo anu, amayi a bambo anu, atamva adachita kubwera pansi kuchokera kumudzi. Adakhala pamphasa, natambasula miyendo, nati, "Mwananga Nangozo, sukulu siyikwatira munthu. Mwamuna sasiyidwa yekha m'tauni. Ku Lilongwe kuli akazi odzola zonunkhira." Ndidagwada n'kuwayankha mwaulemu kuti mwana wawo ndimamudziwa, ndipo ngati angatengeke ndi zonunkhira ndiye kuti akadatengeka ngakhale ine ndili pompo. Adapukusa mutu, koma pochoka adandisiyira nyemba. Bambo anu adadzayankhula patapita sabata, akumanga mabuku awo m'katoni. "Chaka chimodzi. Chikapitirira ndibwera ndi lole kudzakunyamulani pamodzi ndi bolodi lanulo."

Tsiku losamuka, iwe Kondwani udakwera lole mosangalala chifukwa unkafuna kukaona nyumba zosanja. Iwe Mwatitha unali ndi zaka zitatu. Udakhala pamiyendo ya azakhali ako kutsogolo, ukundisungira malo pambali. Lole itayamba kuyenda ine ndili pansi, udalira kulira kumene ndidakumva mpaka idakhota pamsika. Ndidasamba kumaso pamjigo, n'kupita m'kalasi. Zimene ndidaphunzitsa tsiku limenelo sindizikumbuka.

Chaka cha mayeso

Ndidakhala m'kachipinda kuseri kwa golosale ina. Kutha kwa mwezi ndinkakwera kabaza kapena matola mpaka pamsewu waukulu, n'kupeza minibasi ya ku Lilongwe, kudzakuonani Loweruka n'kubwerera Lamlungu. M'dzinja msewu ukaterera mwezi wina unkadutsa ine osabwera. Ana asukulu adadziwa chimene ndidachita, ngakhale sindidawauze, ndipo chaka chimenecho panalibe wojomba. Atsikana ankanditungira madzi, anyamata ankabwera ndi nkhuni, ine ndikuwakalipira kuti nkhuni sizikhoza mayeso.

Mayeso a Chifalansa anali ndi gawo loyankhula, pomwe mwana amakhala yekha ndi woyesa wochokera kutali. Nthawi itayandikira, a Kamwendo adandiitana. Ankamukonda Feliya, n'chifukwa chake adanena zimene adanena.

"Mayi Nangozo, zachitsononkhozo ndi pakati pa anzake. Woyesa ndi mlendo, ndipo sadikira. Tisamuchititse manyazi mwanayu. Bwanji alembe maphunziro enawo, ichi achisiye?"

Ndidati ine sindingamusankhire, timufunse mwini wake. Tidamuitana. Adaima pakhomo la ofesi, manja kumbuyo, a Kamwendo namufotokozera mofatsa. Milomo yake idanjenjemera nthawi yaitali. Tidadikira. Potsiriza adati, "Ndi... ndi... ndilowa, ahedi."

A Kamwendo adapuma mozama, nati, "Chabwino. Ndiye mlendo woyamba ndikhala ine." Kuyambira sabata imeneyo tidayamba sewero latsopano. Ndinkapempha anthu oti Feliya ndi anzake sadawazolowere kuti adzakhale pampando wa woyesa: a zaumoyo a pa kiliniki, mkulu wa mpingo, mayi wa golosale ija. Chifalansa sankachidziwa, ndiye ine ndinkaima kumbuyo kwawo n'kumafunsa mafunso, iwo atangokwinya nkhope. A Kamwendo ankavala jekete ndi tayi, n'kumagwedeza mutu mwaukali ngati akumva zonse. Feliya ndidamuuza kuti, "Pakhomo paja Feliya azitsala panja. Wolowa ndi Madame Rose." Masiku ena zinkatheka, masiku ena ankakodwa pa liwu loyamba mpaka misozi. Tinkayambiranso mawa lake.

Woyesa adabwera mayi wina wa ku Blantyre, wovala magalasi, wosaseka. Ine sindinkaloledwa kulowa, ndiye ndidaima patali pang'ono pansi pa mtengo wa mango. Poti mawindo analibe magalasi, zina ndinkazimva. Ana adalowa mmodzimmodzi, ena akutuluka akumwetulira, ena akupukusa mutu. Feliya atalowa ndidamva woyesa akupereka moni ndi kufunsa dzina. Kudali zii. Adafunsanso. Ndidamva kaphokoso kaja ka liwu lokanirira pakhosi, kenako zii kachiwiri. Ndidagwira mtengowo ndi manja awiri. M'mutu mwanga mudadutsa chilichonse: kulira kwako iwe Mwatitha palole paja, mawu a agogo anu, nkhope ya a Bizaliyele. Ndidamva mpando ukukokedwa, ndipo ndidati basi, akumutulutsa.

Pamenepo mpamene mawu adatuluka pawindo, okwera, odekha, a mayi uja wa pawailesi. Sindidamve zimene ankanena, koma ankapitirira. Woyesa adayankha, Feliya adayankhanso, adakodwa, adadikira, napitiriza. Mpaka ndidamva chinthu chimene sindidachimve m'mawa wonse: woyesa akuseka.

Madzulo, akudikira galimoto, mayiyo adandipeza. "Ndinu aphunzitsi ake a mtsikana wachibwibwi uja? Ndinatsala pang'ono kumuuza kuti apite. Ndikuti ndiimirire, iye n'kundifunsa m'Chifalansa ngati ndayenda bwino kuchokera ku Blantyre, ndiponso ngati fumbi la kuno silinandidetsere nsapato. Ndayesa ana masukulu ambiri, koma palibe anayamba wandifunsapo kanthu." Sadandiuze zambiri, poti saloledwa, ndipo ine sindidafunse.

Zotsatira zidatuluka ine nditasamuka kale. Si onse adakhoza, ndisakunamizeni. Angapo adagwa, ndipo mayina awo ndikuwakumbukabe. Koma ambiri adakhoza, ndipo Feliya adakhoza bwino koposa onse. Lero ndi namwino pa chipatala cha othawa kwawo ku Dowa, kumene amayi ochokera ku Kongo ndi ku Burundi amachita kumuitanitsa ndi dzina pakhomo chifukwa ndiye amawamva. Chibwibwi sichidathe, ali nachobe, koma sichimuletsa kanthu. Ena mwa gulu lija ndi aphunzitsi, wina ndi woyendetsa malole a kunja, ena ali kumunda ndipo akandiona pa Boma amakuwa "Bonjour, madame!" msika wonse n'kutembenuka. Nditachoka, Chifalansa chidazima pa sukulu ija, poti palibe adatumizidwako. Zimandiwawa, komabe gulu limodzi lija ndidalifikitsa kumene ndidalonjeza. Ndidaphunzitsa zaka zambiri pambuyo pake m'makalasi a magetsi ndi mabuku okwana, ndipo ndidakhalapo wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, koma mukandifunsa ntchito imene ndimaima nayo chilili, ndi imeneyo.

Pepala lomaliza litalembedwa, bambo anu adabweradi ndi lole monga adanenera. Ana asukulu ndiwo adakweza katundu, ndipo adatiperekeza akuthamanga m'mbali mwa msewu mpaka fumbi lidawabisa. Tidafika ku Lilongwe dzuwa likupendeka. Iwe Kondwani udandithamangira ukufuna kundionetsa dzino lomwe lidaguluka. Iwe Mwatitha udaima pakhomo, wagwira chitenje cha azakhali ako, watalika, tsitsi lolukidwa ndi manja a wina. Ndidagwada n'kutambasula manja, koma sudasunthe.

"Mwabwera kudzacheza?" udafunsa.

"Ayi, mwanawe. Ndabwera kudzakhala."

Udayang'ana lole, anyamata akutsitsa ndowa, mipando, katoni ya mabuku. Udadikira mpaka adatsitsa matiresi anga n'kulowa nawo m'nyumba. Pamenepo udasiya chitenje cha azakhali ako, udabwera pang'onopang'ono, n'kundigwira chala, nundikokera m'kati kuti ukandionetse pamene umagona.